Kashi mu envelopu kapena money order: malipiridwe a katundu wochokera kutali

Ngati mwaoda katundu kwa munthu amene ali kutali, tinene kuti inu muli ku Chitipa iye ali ku Limbe, ndipo akukuuzani kuti ndalama zitsogole katundu atsatire, chonde musapinde ndalamazo n'kuziika mu envelopu wamba. Ine ndinagwira ntchito pakauntala ya positi kuyambira nthawi imene makalata ndi matelefoni zinali m'manja mwa bungwe limodzi, lisanagawidwe kuti pakhale Malawi Posts Corporation kwina, kampani ya matelefoni ya MTL kwina. Munthu amene ankandimvetsa chisoni kwambiri pantchitoyo ndi uja wobwera kudzafunsa za kalata imene munali ndalama, koma m'manja alibe ndi kapepala komwe. Ngakhale utafunitsitsa kumuthandiza, poyambira palibe.

Kalata wamba siilembedwa m'buku lililonse. Mukaiponya m'bokosi imalowa m'thumba limodzi ndi zinzake, thumbalo limakwera galimoto, limatsika, limamasulidwa, kalata n'kuikidwa m'bokosi la nambala. Nanga kwathu kuno ndi angati ali ndi bokosi lawolawo? Ambirife timadalira bokosi la sukulu, la tchalitchi kapena la kuntchito kwa achimwene. Kiyi amatenga ndi mesenjala, kapena aliyense amene wapita kuboma tsiku limenelo. Makalata amagona patebulo la aphunzitsi masiku angapo, ena amalengezedwa mapemphero akatha, ena amapatsidwa kwa mwana kuti akasiye kunyumba. Ulendo wonsewo palibe amene wasayina kuti ine ndalandira. Ikasowa, mudzaloza ndani?

Ndalama nazonso sizibisika. Katundu wa K80,000 amafuna mapepala 16 a K5,000, ndipo amenewa ndiwo mapepala aakulu kuposa onse, amene anayamba kuyenda mu 2022. Mukakhala ndi a K2,000 okhaokha ndiye mapepala 40. Envelopu yotere imatupa, ndipo chala cha munthu wozolowera ndalama chimadziwa chikangokhudza. Kale anthu ankazikulunga ndi pepala la kaboni kuti zisaoneke envelopu ikayang'anidwa padzuwa, ena ankaziika pakati pa khadi la Khirisimasi. Zonsezo mbala inazidziwa kalekale.

Komanso tiyerekeze kuti kalata yafika bwinobwino, wogulitsa waitsegula, ndalama wawerenga, waika m'thumba. Mawa lake mukamuimbira n'kukuyankhani kuti sanalandire kanthu, mudzamutsutsa ndi chiyani? Apa ndi pamene pali vuto lenileni la kashi. Anthu amaopa kwambiri wakuba wa panjira, n'kuiwala kuti kashi imamupatsanso wolandirayo mpata wokana. Ngakhale wogulitsa wokhulupirika amene walandiradi envelopu yopanda kanthu sangathe kudziyeretsa, ndipo anthu awiri osalakwa amatsala akuganizirana zoipa.

Ena amati, basi nditumiza pa rejisitala. Kalata ya rejisitala ndi yabwino, ndipo ndibwereranso kwa iyo, koma mumvetse chimene imachitira umboni. Imapatsidwa nambala, imalembedwa paliponse pamene yadutsa, ndipo wolandira amasayina. Umboni wake ndi wakuti envelopu inaperekedwa kwa uje tsiku lakuti. Zimene zinali m'katimo kalaliki sanazione, sanaziwerenge. Malamulo a mgwirizano wa mapositi a dziko lonse, Universal Postal Union, umene unakhazikitsidwa ku Bern mu 1874, saloleza n'komwe kuika ndalama m'kalata wamba, ndipo kalata ya rejisitala ikatayika chipepeso chake chimakhala chokhazikika kale, sichitsatira kuchuluka kwa ndalama zimene mukunena kuti munaikamo.

Mmene money order imagwirira ntchito

Nzeru ya money order ndi yakuti ndalama zisayende n'komwe. Mumazipereka pakauntala kwanu kuno, zimalowa m'kabati ya positi ofesi, ndipo chimene chimayenda ndi lamulo lakuti positi ofesi ya uko ilipire munthu wakutiwakuti ndalama zakutizakuti. Wakuba akaba pepalalo waba pepala lokhala ndi dzina la wina. Njirayi ndi yakale. Ku America inayamba mu 1864, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, chifukwa ndalama zimene asilikali ndi mabanja awo ankatumizirana m'makalata zinkabedwa. Ku Britain postal order, imene ndi mbale wake wa money order, inayamba mu 1881, ndipo kuchokera kumeneko inafika kwathu kuno. Makolo athu amene ankagwira ntchito kumigodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia ankatumiza ndalama kumudzi mwanjira yomweyi, ndipo kumapeto kwa mwezi mzere wa amayi onyamula timapepala unkafika panja.

Masiku ano uthenga wolamula kulipira umayenda kwambiri pa kompyuta, monga mmene zimakhalira ndi Fast Cash ya kupositi, koma maziko ake sanasinthe. Mukafika pakauntala nenani kuti mukufuna kulipira munthu amene ali kwakuti, ndipo funsani njira zimene zilipo pa ofesi imeneyo, mtengo wake, ndi masiku amene zimatenga. Funsani musanatulutse ndalama.

Pa fomu, malo amene amavutitsa anthu ndi dzina la wolandira. Ife timadziwana ndi mayina ambiri. Munthu yemweyo kumsika ndi a Phiri a zitsulo, kumudzi ndi bambo a Chisomo, pa Facebook ali ndi dzina lina la bizinesi, pomwe pachiphaso palembedwa zina. Kalaliki wolipira sadziwa zonsezo. Iye amayang'ana pepala, n'kuyang'ana chiphaso, zikasiyana sapereka ndalama, ndipo amakhala akuchita bwino chifukwa akuteteza inu. Choncho muuzeni wogulitsayo akulembereni dzina lake monga liliri pachiphaso cha unzika, chilembo ndi chilembo, dzina loyamba ndi la bambo. Chiyambire kalembera wa unzika wa 2017, munthu wamkulu wochita malonda alibe chifukwa chomveka chokanira zimenezi. Pano musachite manyazi, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wina akamazemba kutchula dzina lake lenileni koma ndalama zanu akuzifuna, malonda athere pomwepo.

Ngati mukugula kusitolo kapena kukampani, lembani dzina la sitoloyo, osati la mnyamata amene mumalankhula naye pafoni. Iye akhoza kusiya ntchito mawa, ndipo eni sitolo adzakuuzani kuti m'mabuku mwawo simunalowe ndalama yanu.

Chachiwiri ndi ofesi yokalipirira. Kungolemba kuti Blantyre sikokwanira ngati munthuyo amatengera makalata ku Limbe kapena ku Chichiri, kumene ndi Blantyre 3. Ku Lilongwe nakonso ofesi ya ku Old Town ndi yosiyana ndi ya ku Capital City, imene ndi Lilongwe 3. Mufunseni wolandira ofesi imene ili pafupi naye kuti asakwere minibasi ziwiri pofuna ndalama zake, chifukwa akavutika, katundu wanunso amachedwa.

Ndalama zilembedwe m'manambala ndi m'mawu, ndipo ziwirizo zigwirizane. Musafufute. Mukalakwitsa pemphani fomu ina. Pali kandalama kolipirira ntchitoyi, ndipo kameneka ndi kanu inu wotumiza, musakachotse pa mtengo wa katundu. Ndinaona mikangano yambiri yoyambira apa: katundu ndi wa K80,000, wogula wapereka K80,000 pakauntala kuphatikizapo kolipirira, wogulitsa walandira zoperewera, ndiye wagwira katundu mpaka zotsalazo zifike. Gwirizananinso za mtengo wotumizira phukusi, kuti uli m'kati mwa mtengo wa katundu kapena ndi wapadera.

Musachoke pakauntala musanawerenge lisiti. Onani dzina, onani ndalama, onani nambala ya order, onani ngati chidindo cha deti chikuwerengeka. Anthu amene ali pamzere kumbuyo kwanu adikire pang'ono. Kukonza cholakwika muli pomwepo ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma mukapita kunyumba chimasanduka nkhani ya makalata opita kulikulu.

Tsopano lisitilo. Ili ndilo chuma chanu chonse mpaka katundu atafika. Cholakwika chimene ndinkachiona kawirikawiri n'chakuti munthu ankaika lisiti mu envelopu momwemo pamodzi ndi order, poganiza kuti wogulitsa akufunika kuliona. Ayi, lisiti ndi lanu, litsale ndi inu. Kumbuyo kwake lembani chimene mwagula ndi nambala ya foni ya wogulitsa. Lijambuleni ndi foni tsiku lomwelo, chifukwa malisiti a makina aja amafufutika okha akakhala m'thumba la malaya kapena pamalo otentha, pakatha miyezi ingapo mumangotsala ndi pepala loyera. Kenako liikeni pamalo amodzi ndi makhadi a kuchipatala kapena mapepala a sukulu, kumene simutaya zinthu.

Postal order imasiyana pang'ono. Ili ndi pepala limene mumagula monga mmene mumagulira sitampa, ndipo dzina la wolandira mumalemba nokha. Ngozi yake ili pomwepo: postal order yosalembedwa dzina ndi kashi basi, aliyense woitola akhoza kulembapo dzina lake. Lembani dzina muli pakauntala, ndi bolopeni, musanatuluke. Ng'ambani kachidutswa kanu kam'mbali kokhala ndi nambala n'kusunga. Ngati wolandira ali ndi akaunti kubanki, jambulani mizere iwiri yodutsa pankhope ya pepalalo. Mukatero silingasinthidwe kukhala kashi pakauntala, liyenera kulowa mu akaunti ya mwini dzina. Koma mufunseni kaye, chifukwa munthu wopanda akaunti mukamutumizira yodulidwa mizere mwamumanga manja. Mapepala amenewa amakhalanso ndi nthawi yake yogwira ntchito, choncho musawagule lero n'kuwasunga mpaka mutakolola.

Pepala likamapita pa positi, apa ndiye gwiritsani ntchito rejisitala kapena EMS, imene ndi njira ya kupositi yotumizira zinthu mwachangu. Mukhala ndi maumboni awiri: lisiti losonyeza kuti munalipira, ndi nambala yosonyeza kuti envelopu inafika ndipo uje anasayina. M'katimo ikanimo kalata yaifupi yonena zimene mukugula, kuchuluka kwake, saizi kapena mtundu, mtengo umene munagwirizana, nambala ya order, adiresi yanu ndi foni yanu. Ngati ndi chitsulo cha makina osokera kapena cha chigayo, lembani nambala imene ili pa chitsulo chakalecho. Kalatayonso ijambuleni musanamate.

Chimene money order singakuchitireni

Pano ndifuna tichedwepo, chifukwa anthu ambiri amaika chikhulupiriro chopitirira pa pepalali. Money order imachitira umboni kuti munalipira, ndi kuti amene anatenga ndalama ndi mwini dzina lija. Siichitira umboni kuti munthuyo ali ndi katundu, kapena kuti katunduyo ndi wabwino, kapena kuti atumiza. Ndalama zikangotengedwa, a positi amaliza mbali yawo, sangapite kukamulanda. Chimene mwapindula n'chakuti muli ndi dzina lenileni, deti, ndi malo amene anatengera, zimene mungapite nazo kupolisi kapena kukhoti. Zimenezi si zazing'ono, koma si katundu wanu.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu imachitika ndalama zisanachoke. Ngati muli ndi mbale kapena mnzanu m'tauni imene muli wogulitsayo, mutumeni akaone ndi maso. Akaone ngati sitoloyo ilipodi, ngati katunduyo alipo, agwire, ayese. Ngati palibe womutuma, pemphani wogulitsa akuimbireni pa vidiyo ali ndi katunduyo m'manja, mumuuze atembenuze uku ndi uku. Zithunzi zokha musazikhulupirire, zambiri zimangotengedwa pa intaneti. Funsani anthu ena amene anagulako kwa iye, makamaka a kudera kwanu amene mungakumane nawo.

Kwa munthu amene simunagulepo, yambani ndi oda yaing'ono. Ngati mukufuna nsalu 30, yambani ndi 5. Mudzalipira kawiri mtengo wotumizira, inde, koma mwagula chidziwitso cha mmene munthuyo amachitira. Pa katundu wodula, gwirizanani kuti mupereka theka, theka linalo mudzamaliza akakutumizirani chithunzi cha lisiti la phukusi lokhala ndi dzina lanu ndi nambala yake, kapena katundu akafika. Wogulitsa wachilungamo amamvetsa, chifukwa nayenso amaopa kutumiza katundu kwa munthu wosamudziwa. Mantha akagawidwa pakati, aliyense amakhala ndi chifukwa chomalizira malondawo.

Chenjerani ndi wokufulumizitsani. Mawu akuti watsala mmodzi yekha, wina akubwera ndi kashi masana ano, tumizani panopa, ndi amene akathyali amagwiritsa ntchito kuti musapeze nthawi yofunsa. Chimodzimodzi mtengo wotsika kwambiri kuposa wa kumsika.

Nkhani ya mitengo ikufunanso mawu awiri. Pepala loyenda pa positi limatenga masiku, ndipo mitengo kwathu kuno siidikira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inasintha m'masiku ochepa. Wogula amene ndalama zake zinali panjira akanatha kuuzidwa kuti awonjezere. Choncho muuzeni wogulitsa alembe mu uthenga kuti mtengo uwu ukhala choncho mpaka tsiku lakuti, ndipo uthengawo muusunge.

Pamene kashi ili bwino

Sindikunena kuti kashi ndi yoipa. Kashi ndi yabwino kwambiri pamene dzanja lina likupereka ndalama, lina likulandira katundu. Ilibe kolipirira, siidikira netiweki, siifuna chiphaso. Ngati wogulitsa avomera kuti mudzalipire katundu akafika, kaya kudzera kwa munthu wake amene ali m'tauni mwanu kapena pamalo otengera phukusi, imeneyo ndiyo njira yoposa zonse kwa wogula. Tsegulani phukusi pamaso pa wobweretsayo, werengani, yesani ngati n'chamagetsi, kenako perekani ndalama ndipo alembe kuti walandira, ngakhale pakapepala ka m'kope.

Njira ina imene ndimaikonda ndi iyi: ndalama zitumizeni kwa mbale wanu wa m'tauni uja, mwa money order kapena pafoni, iye akalipire kashi pasitolo, atenge lisiti la sitolo, katundu akamutumize yekha. Apa mwaphatikiza ubwino wa njira zonse ziwiri. Ndalama zayenda ndi umboni, ndipo zaperekedwa katundu akuoneka. Mupatseni mbaleyo ya minibasi ndi ya chakumwa, musamuyendetse ulele.

Za kupatsira ndalama kondakitala kapena dalaivala wa basi ndikudziwa kuti zimachitika tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa iwo amafikitsa. Koma ine ndimati basi inyamule katundu, ndalama ziyende njira ina. Ngati palibiretu kuchitira mwina, musamupatse envelopu yomata. Werengani naye ndalamazo pamaso pa munthu wina, lembani nambala ya galimoto ndi foni yake, muimbireni pomwepo kuti muone ngati foniyo ikulira m'thumba mwake, ndipo wolandira adziwe nthawi imene basi ifike. Phukusi lenilenilo ndi bwino lidzere kupositi kapena ku kampani ya courier yokhala ndi chiphaso cha MACRA (bungwe loyang'anira za mapositi ndi matelefoni), imene imapereka lisiti lokhala ndi nambala ndipo imafuna chiphaso potenga.

Foni yatenga malo, malamulo ndi omwewo

Ambiri amene mukuwerenga pano mwina simunagwirepo money order, chifukwa Airtel Money inabwera mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, ndipo mabanki ali ndi njira zawo monga Mo626. Ine ndimaziona ngati money order yomweyo, kungoti kalaliki ali m'foni. Pali dzina, pali nambala ya malipiro, pali deti ndi nthawi. Zimene ndanena pamwambazi zikugwiranso ntchito pano, koma pali mbuna zake zingapo.

Tumizani kuchokera pa nambala yanu. Mukapereka kashi kwa ejenti kuti aike mwachindunji pa nambala ya wogulitsa, uthenga wa umboni umatsala m'foni ya ejentiyo, inu mumachoka chimanjamanja ngati munthu wa envelopu uja. Ikani ndalama pa foni yanu kaye, kenako mutumize nokha. Kolipirira kamakwera pang'ono, koma umboni uli m'thumba mwanu. Ngati mwakakamizika kudzera kwa ejenti, jambulani uthenga wa pafoni yake ndipo onetsetsani kuti walemba m'buku lake.

Yambani ndi kandalama kochepa, ngakhale K500, kuti muone dzina limene nambalayo inalembetsedwa. Likasiyana ndi limene wogulitsa anakuuzani, funsani chifukwa chake. Yankho lakuti ndi nambala ya mlamu wanga kapena yanga yadzaza lingakhale loona, koma dziwani kuti zinthu zikavuta, umboni wanu udzaloza munthu amene simunachite naye malonda. Pamenepo muuzeni alembe mu uthenga kuti ndalama za katundu wakuti zipite pa nambala yakuti ya uje, kuti mawu akewo amumange. Sitolo yokhazikika imakhala ndi nambala ya bizinesi kapena akaunti ya kubanki m'dzina lake, ndipo imeneyo ndiyo muzisankha.

Uthenga wotsimikizira musaufufute, ndipo muujambule. Mauthenga aja obwera mwadzidzidzi akuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi amakola anthu amene alidi pakati pa malonda, chifukwa amaganiza kuti ndi wogulitsa uja wasintha nambala. Nambala ikasintha, imbani pa yakale mumve mawu ake. PIN yanu musauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Ndalama zikapita pa nambala yolakwika, imbirani kampaniyo nthawi yomweyo zisanatapidwe, musayambe ndi kuchonderera mwini nambalayo.

Inu ogulitsa, mbali yanu ndi yaifupi. Musatumize katundu chifukwa cha chithunzi cha uthenga kapena cha lisiti. Onani balansi yanu nokha, kapena katengeni kaye ndalama kupositi, kenako mumange phukusi.

Abale amene muli kunja, kumeneko mapepalawa akadali moyo. Ku Britain postal order imodzi imafika £250 ndipo imagwira ntchito miyezi 6. Ku America money order ya positi imafika $1,000 pa pepala limodzi, ndipo ambiri amalipira nayo lendi ndi zinthu zoitanitsa pa makalata. Kumeneko chinyengo chofala chimagwera wogulitsa: wina amakutumizirani money order yabodza ya ndalama zoposa mtengo, n'kukupemphani kuti mumubwezere zapamwambazo. Banki imayamba yaonetsa ndalamazo mu akaunti, pakapita masiku n'kuzichotsa itazindikira kuti pepalalo ndi lopeka, pomwe inu mwatumiza kale zanu zenizeni. Pepala la ndalama zoposa mtengo libwezeni. Mukafuna kulipirira wachibale katundu kuno kumudzi, dzerani ku Mukuru, Western Union, MoneyGram kapena kubanki, osati marandi kapena mapaundi opindidwa m'kalata. Nafenso a kuno tikamagula kunja, malipiro a ndalama zakunja amayenera kudzera kubanki kapena njira zina zovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi. Madola ogula pamsewu n'kuikidwa mu envelopu akasowa, simungakadandaule kulikonse.

Katundu akapanda kufika

Tsiku limene munagwirizana likadutsa, yambani ndi kufunsa nambala ya phukusi. Phukusi lotumizidwadi limakhala ndi lisiti, ndipo wotumiza sachedwa kulionetsa. Pitani ndi nambalayo kupositi kapena ku ofesi ya courier ya kwanu, chifukwa nthawi zambiri katundu amakhala atafika kale, kungoti nambala ya foni inalembedwa molakwika kapena kapepala kodziwitsa kagona m'bokosi la sukulu lija.

Ngati wogulitsa akuti ndalama sanalandire, tengani lisiti lanu ndi chiphaso, pitani pa ofesi imene munalipirira, mupemphe kuti afufuze ngati order inalipidwa, liti, kuti, ndi kwa yani. Ikakhala kuti sinalipidwe, pemphani kuti iimitsidwe ndipo akuuzeni ndondomeko yobwezera ndalama kapena yolembera ina. Zimatenga nthawi ndipo pamakhala mafomu, koma ndalama zanu zilipo. Ikakhala kuti inalipidwa, pemphani umboniwo polemba.

Ukapezeka umboni, mulembereni wogulitsa uthenga umodzi wodekha, wopanda zotukwana, wonena deti limene anatenga ndalama ndi tsiku limene mukufuna katundu kapena ndalama zanu. Mawu aukali amangomupatsa chifukwa chokutsekerani foni, ndipo uthengawo udzawerengedwa ndi ena nkhani ikapita patsogolo. Tsikulo likadutsa, ngati ndi bizinesi yodziwika kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission kapena ku Consumers Association of Malawi. Ngati vuto lili pa katumizidwe ka phukusi ndipo kampani yonyamula sikukuthandizani, nkhaniyo ndi ya MACRA. Ngati munthuyo wazimitsa foni ndipo zikuoneka kuti katundu analibe n'komwe, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi, ndipo musadikire mwezi. Popita kumeneko nyamulani lisiti lenileni ndi fotokope yake, nambala ya rejisitala, kalata ya oda ija, ndi mauthenga onse osindikizidwa papepala motsatana madeti ake. Kwa wofufuza siyani mafotokope, mapepala enieniwo mubwerere nawo kunyumba, ndipo lembani dzina la amene walandira dandaulo lanu ndi nambala ya nkhaniyo.